Phiri Lili Pakhomo, Maso Ali Pafoni

Mawu olankhulidwa pamaso pa makomiti a chitukuko a m'mawodi a boma la Mulanje



Mawu oti chitukuko akatchulidwa pa msonkhano ngati uno, m'maganizo mwa anthu mumabwera mlatho, mjigo, chipinda chophunziriramo kapena msewu wothira miyala. N'koyenera kutero, pakuti zimenezi ndizo anthu amafunsa khansala wawo akakumana naye pamsika kapena pamaliro. Koma pali chuma china chimene sichilembedwa m'ndondomeko ya zachuma ya khonsolo, ngakhale kuti ntchito iliyonse ya chitukuko imatsamira pa icho. Chumacho ndi maola a tsiku a munthu, pamodzi ndi mphamvu ndi nzeru zimene amagwirira ntchito m'maolawo. Nkhani ya lero ndi ya kumene maola amenewo akupita masiku ano, ndi zimene thupi ndi maganizo zimapindula munthu akaika foni pansi n'kutuluka panja.

Aliyense wodutsa pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Muloza dzuwa litapendeka amaona zofanana. Pakhonde la sitolo yotchajitsa mafoni pakhala anyamata asanu, mapewa ogundana, koma palibe wolankhula ndi mnzake. Mitu yonse yawerama, zala zikukwera ndi kutsika pagalasi. Kumbuyo kwawo kwaima phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, phiri limene mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amasunga ndalama miyezi yambiri ku London kapena ku Johannesburg kuti adzayende m'njira zake masiku atatu okha. Pomwepo pali ana obadwira m'tsinde mwa phirilo amene akwanitsa zaka 18 asanaponde pa Dziwe la Nkhalamba, koma amatchula pamtima osewera onse a Arsenal ndi Manchester United.

Anyamatawo asanaweruzidwe, foni ipatsidwe kaye ulemu wake. Ndi foni imene yachititsa kuti mayi wa ku Nkando alandire ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku South Africa popanda kukwera minibasi. Mlimi wa nanazi amadziwa mtengo wa ku Limbe asanathyole. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, foni idanyamula machenjezo pamodzi ndi wailesi, ndipo pambuyo pake idathandiza mabanja kufunafuna abale awo. Palibe komiti ya chitukuko imene ingayende bwino lero popanda gulu lake la pa WhatsApp. Choncho asatuluke muno wina n'kukalengeza kumudzi kuti khonsolo yaletsa mafoni.

Chofunika kuchidziwa ndi mmene zinthu zina za m'fonimo zidapangidwira. Facebook, TikTok ndi YouTube salipiritsa munthu polowa pa masamba awo. Ndalama zawo zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira molingana ndi maso amene aona malonda awo. Katundu amene akugulitsidwa pamenepa ndi nthawi ya woonerayo. N'chifukwa chake tsambalo lilibe mathero monga nyuzipepala imakhalira ndi tsamba lomaliza. Kanema wina akatha, wina amayamba yekha osadikira kuitanidwa. Foni ikakhala chete kwakanthawi, imalira kukumbutsa mwini wake kuti wina wathirira ndemanga. Akatswiri olipidwa bwino adakhala pansi kukonza zonsezi. Mtsikana wa Fomu 3 amene walephera kuika foni pansi pakati pa usiku sakulimbana ndi ulesi wake wokha ayi. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, koma mtengo wa pusi wa leroyu udabzalidwa mwadala kuti zipatso zake zisathe. Pamwamba pa nthawi yotayikayo pali ndalama ya bandulo, ndipo kwa anyamata ambiri palinso ya kubetcha mpira, imene imachoka m'thumba lomwe limayenera kugula sopo ndi feteleza.

Wina angaseke n'kufunsa kuti kodi uthenga wotuluka panjawu ukupita kwa yani. Wothyola tiyi amalowa m'munda kusanache bwino, chiperoni chikuwaza, n'kuweruka atapsa ndi dzuwa. Wakabaza, wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, mayi wolima chinangwa ndi nandolo, onsewa moyo wawo ndi wapanja kale. Funsoli n'lomveka. Thupi la wothyola tiyi likusowa mpumulo, silikusowa ulendo wina. Uthengawu ukupita kwa gulu limene likukula chaka ndi chaka: aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi, ogulitsa m'masitolo, a Airtel Money ndi Mpamba okhala m'kanyumba ka malata kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka mdima, ndi achinyamata amene adamaliza Fomu 4 koma ntchito palibe. Koposa onse ukupita kwa ana, kuphatikizapo ana a wothyola tiyi yemweyo, amene akaweruka kusukulu amathera masana onse m'nyumba ya mdima yoonetsa mavidiyo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu adali osakwana zaka 18. Chizolowezi chimene chagwira ana chagwira theka la boma. Ndipo ngakhale wothyola tiyi uja ali ndi gawo lake, chifukwa madzulo amene kale ankapumira pakhonde akucheza ndi banja lake tsopano amathera pagalasi mpaka batire itatha.

Poyamba pa zonse ndi maso. Diso lili ndi minofu ing'onoing'ono imene imakungika poyang'ana chinthu chapafupi ndipo imamasuka poyang'ana patali. Woyang'ana pafoni kapena pakompyuta maola atatu ali ngati munthu wofumbata nkhonya maola atatu osatambasula zala. Nthawi yomweyo amaphethira pang'ono kusiyana ndi mmene amachitira nthawi zonse. Maso amauma, amayabwa, mutu n'kuyamba kuwawa. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu ayang'ane chinthu chotalikira mamita 6 kwa masekondi 20. Kuno langizo limeneli n'losavuta kulitsata, chifukwa mazenera ambiri ali ndi phiri.

Kwa ana nkhaniyi ndi yolemera kuposa apa, popeza diso lawo likukulabe. Mwana wokulira m'nyumba, woyang'ana zapafupi zokhazokha, diso lake limatha kutalika kupitirira muyeso, ndipo likatero saonanso bwino patali. Zolembedwa pabolodi amangoziona ngati utsi. Diso likatalika silibwereranso mwakale. M'mizinda ikuluikulu ya ku China, Taiwan, Singapore ndi South Korea, achinyamata 80 mpaka 90 mwa 100 alionse omaliza sekondale ali ndi vutoli. Mumzinda wa Guangzhou ku China, akatswiri adayesa chinthu chosavuta. M'sukulu zina ana a kalasi yoyamba adapatsidwa mphindi 40 zowonjezera zosewera panja tsiku lililonse la sukulu, m'sukulu zina ayi. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2015: patatha zaka zitatu, mwa ana osewera panja aja 30 mwa 100 ndiwo adayamba kusaona patali, pamene mwa anzawo aja adali pafupifupi 40. Ku Taiwan boma lidayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu kuti ana azikhala panja maola awiri patsiku, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino, chimene chinkangokwera kwa zaka zambiri, chidayamba kutsika. Chimene chimateteza diso ndi kuwala kwa panja, ndipo ngakhale pansi pa mtengo wa mango pamawala kwambiri kuposa m'chipinda choyaka magetsi. Kholo limene likuvutika kugula yunifolomu silingakwanitse magalasi a maso osinthasintha mwana akamakula. Apa pali chenjezo kwa makomiti a sukulu. Ana ophunzirira pansi pa mtengo ayenera kumangiridwa zipinda, zimenezo n'zosakambirana. Koma chipinda chikamangidwa, nthawi yopuma isadulidwe pofuna kuthamangitsa silabasi, ndipo mwana wolakwa asalangidwe pomutsekera m'kalasi anzake akusewera.

Kenako ndi tulo. Thupi lili ndi koloko yake imene imatsata kuwala. Dzuwa la m'mawa likalowa m'maso, ubongo umadziwa kuti kwacha. Mdima ukagwa, umatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timaitana tulo. Munthu wothera usana m'chipinda chamdima, usiku n'kudziwalitsa ndi foni m'bulangeti, wasokoneza kolokoyo mbali zonse ziwiri. Ndiponso kuwala si ndiko kokha komuletsa kugona: mkangano wa pagulu la WhatsApp la achibale kapena mpira wobetcha umene wapita molakwika zimasiya mtima ukugunda foni itazima kale. Mu 2013, Kenneth Wright wa pa yunivesite ya Colorado ku America adafalitsa zimene adapeza atatengera anthu asanu ndi atatu kukagona m'matenti kumapiri kwa sabata imodzi, opanda foni kapena tochi, kuwala kwawo kuli dzuwa ndi moto wa nkhuni basi. Pobwerera, matupi awo ankayamba kukonzekera tulo pafupifupi maola awiri msanga kuposa kale. Agogo a m'midzi muno sangadabwe nazo. Ndiwo moyo umene adakulira. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposa apo, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Aphunzitsi amaidziwa nkhope ya wophunzira amene adagona 1 koloko usiku. Koma wophunzira wosinza amangoluza phunziro. Wakabaza wa njinga yamoto amene wagona maola anayi amakweza mayi ndi khanda kumsana.

Za maganizo n'zofunika kuzifotokoza mofatsa, chifukwa ndi pamene anthu ophunzira amadzinamiza kwambiri. Rachel ndi Stephen Kaplan, akatswiri a za maganizo a pa yunivesite ya Michigan, adafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti mphamvu yoika maganizo pa chinthu chimodzi imatopa monga mkono umatopera ndi khasu. Wowerengera ndalama, wochonga mayeso, namwino woyeza mankhwala, onsewa amagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi, ndipo ikatha amayamba kulakwitsa, kuiwala ndi kupsa mtima msanga. Ambiri amaganiza kuti kutsegula Facebook pa nthawi ya nkhomaliro ndiko kupuma. Kumeneko n'kutula khasu n'kunyamula nkhwangwa. Zinthu za m'chilengedwe, monga madzi oyenda pamiyala, masamba ogwedezeka ndi mphepo kapena mtambo wotsika pa Chambe, zimakopa maso mofatsa popanda kufuna kuti munthu ayankhe, asankhe kapena adzifanizire ndi wina, ndipo pamenepo mphamvu ija imabwerera. Mu 2008 akatswiri ena a pa yunivesite yomweyo adayesa maganizo amenewa. Ophunzira adapatsidwa mayeso otchula manambala chobwerera m'mbuyo, kenako adayenda kwa mphindi pafupifupi 50, ulendo wina m'munda wa mitengo, ulendo wina m'misewu ya mzinda wa Ann Arbor. Atayenda m'mitengo adachita bwino ndi pafupifupi 20 pa 100 kuposa poyamba; atayenda mumzinda sipadasinthe zambiri.

Ngakhale kungoona mtengo pazenera kuli ndi mphamvu yake. Mu 1984, Roger Ulrich adasanthula mabuku a odwala 46 amene adachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka la iwo adagona m'zipinda zoyang'ana mitengo, theka lina m'zipinda zoyang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo adatuluka m'chipatala pafupifupi tsiku limodzi msanga ndipo adamwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Dziko la Japan, limene anthu ake amadziwika ndi kugwira ntchito maola ambiri, lidayamba mu 1982 kulimbikitsa anthu kuti azikathera nthawi m'nkhalango, chimene iwo amachitcha shinrin-yoku, kunena kuti kusamba nkhalango.

Nanga nthawi yokwanira ndi yochuluka bwanji? Kafukufuku wa yunivesite ya Exeter wa mu 2019, amene adakhudza anthu pafupifupi 20,000 ku England, adapeza kuti amene ankathera mphindi 120 kapena kuposa pa sabata m'malo a chilengedwe ndiwo ambiri ankanena kuti ali ndi thanzi labwino ndi mtima wokhazikika. Zidali chimodzimodzi kwa okalamba ndi achinyamata, olemera ndi osauka, ngakhalenso odwala matenda a mgonagona, ndipo sizidasiyane kaya mphindizo zidathera ulendo umodzi kapena zidagawidwa pang'onopang'ono. Maola awiri pa sabata ndi mphindi zosakwana 20 patsiku. Ndi nthawi yocheperapo kuposa theka limodzi la mpira wa pa kanema.

Olemba anthu ntchito amaopa kuti wantchito wotuluka panja akuba nthawi ya kampani kapena ya boma. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford wa mu 2014 adapeza kuti anthu akamayenda amatulutsa maganizo atsopano ochuluka ndi pafupifupi 60 pa 100 kuposa akakhala pampando. Mlembi amene wayenda mphindi 15 masana amabwerera ndi mutu wopepuka, pamene mnzake wotsala pampando ndi foni amafika 3 koloko akuwerenga mzere umodzi katatu. Wakuba weniweni wa nthawi ya ntchito amakhala patebulo pomwepo, akulira mphindi zingapo zilizonse, ndipo kulira kulikonse kumadula chingwe cha maganizo chimene chimatenga nthawi kuchilumikizanso. Makomiti a chitukuko ali ndi phunziro lawolawo pamenepa. Kwayamba chizolowezi choyendera ntchito kudzera pa zithunzi: womanga ajambula mlatho, atumiza pagulu, mamembala aika chala chovomereza, nkhani yatha. Chithunzi chimaonetsa mbali imene wojambulayo wasankha. Komiti yoyenda ndi mapazi mpaka pamlathopo imakanda khoma ndi chikhadabo n'kudziwa ngati simenti idachepa, ndipo m'njira imakumana ndi mayi amene sakadabwera kumsonkhano koma ali ndi mawu okhudza mjigo wowonongeka. Makolo sadalakwitse poika bwalo la milandu pansi pa mtengo wa kachere.

Za thupi sizifuna mawu ambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 kwa ola limodzi patsiku. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti m'Malawi muno munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Matenda amenewa, pamodzi ndi shuga, ankatchedwa a mabwana; lero ali pamzere wa chipatala chilichonse. Mphunzitsi amene kale ankayenda makilomita atatu kupita kusukulu tsopano amakwera kabaza pa mtunda woti tambala akalira kuno kumeneko amamveka.

Pa ana aang'ono, WHO idapereka malangizo omveka mu 2019: mwana wosakwana zaka ziwiri asakhazikidwe pa kanema kapena pafoni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperako n'kwabwino koposa. Komabe pamzere wa sikelo, m'tchalitchi ndi m'minibasi, foni yasanduka mlezi: mwana akalira, amupatsa. Mayi wotopa sayenera kunyozedwa pa ichi, popeza manja ake ndi awiri okha. Chofunika n'kuona chimene chikusowa m'maola amenewo. Mwana amaphunzira kulankhula poyankhana ndi munthu woyang'anizana naye. Phada amaphunzitsa dzanja kumvana ndi diso, ndiponso kuwerenga. Fulaye ndi jingo zimalimbitsa miyendo ndi mapapo. Mnyamata wopinda mawaya kupanga galimoto akuphunzira umisiri umene sukulu siphunzitsa. Pa mpira wa chikulunga palibe woyimbira, choncho ana amaphunzira okha kukangana, kugwirizana, kugonja ndi kubweranso mawa. M'mera mpoyamba, ndipo pamenepa makolo ndiwo chitsanzo: bambo wouza mwana kuti akasewere panja, maso ake ali pafoni, walankhula kawiri, ndipo mwana amamvera mawu achiwiriwo.

Tsono nkhaniyi ikufika pakhomo pa khonsolo ndi makomiti ake, chifukwa kuuza mwana kuti atuluke n'kopanda pake ngati palibe kotulukira. Mulanje ndi boma lothithikana, malo ambiri achonde ali pansi pa minda ya tiyi, ndipo banja lililonse likusaka poika nyumba ndi pobzala chimanga. Pamene malo achepa chotere, choyamba kudyedwa ndi bwalo. Limayamba kulumidwa m'mphepete: uyu walima mizere itatu kumbuyo kwa golo, uyo waumba njerwa pangodya n'kusiya dzenje, wina waika maziko a golosale. Pakatha zaka zisanu, pamene ankasewera ana 100 patsala kanjira. Palibe amene adagamula kuti bwalolo lithe. Lidangotha anthu akuona. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa ndi kusamalira malo osewerera ndi opumirako, komanso yopanga malamulo a m'dera. Koma khonsolo imagwira ntchito ndi zimene zachokera pansi. Mapulani a chitukuko a m'midzi ndiwo amakwera kudzera m'makomiti a m'madera mpaka kulowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Bwalo limene silidalembedwe m'mapulani a mudzi, ku likulu la boma silidziwika n'komwe.

Phiri nalonso likusowa mboni. Nkhalango yake idatetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1927, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Komabe ofufuza atayendera phirilo mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya zankhalango ndi magulu a m'midzi osamala nazale akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mbande imafuna zaka makumi kuti ikhale mtengo, ndipo moto umodzi wa osaka mbewa umatha kufafaniza ntchito ya chaka chonse. Munthu sateteza chimene sadachione. Mwana amene adatengedwa ndi aphunzitsi ake kukwera kuchokera pa Likhubula, namwa madzi ozizira a pamathithi, naona zitsa za mkungudza ndi maso ake, amadzakhala wamkulu wovuta kumunyengerera kuti akanyamule matabwa usiku. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imene imamwetsa midzi ndi kuthirira minda imachokera pamwambapo. Chaka chilichonse othamanga a mpikisano wa Porters Race amakwera ndi kutsika phirilo m'maola ochepa. Gulu la sukulu kapena la achinyamata a mpingo silingalephere ulendo wa Loweruka limodzi pa teremu.

Panja pali zoopsa zake, ndipo kuzibisa kungakhale kusakhulupirika. Phiri silikweredwa popanda wolondolera wodziwa njira, pakuti chifunga chimatsika mwadzidzidzi ndipo anthu adasowapo. Nthawi ya mvula mitsinje imadzaza ngakhale kunsi kuno kusanagwe dontho, ndipo anthu a kuno sasowa wowafotokozera za napolo. Mphezi ikayamba, mpira uime ndipo ana asabisale pansi pa mtengo. Anthu achialubino dzuwa limawawononga khungu mpaka kuyambitsa khansa. Iwo nthawi yawo ndi m'mawa kwambiri ndi madzulo, atavala chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, atadzola mafuta oteteza khungu, ndipo bwalo lokhala ndi mthunzi ndilo limawalola kusewera ndi anzawo. Palinso funso la amene ali ndi mpata. Mnyamata akaweruka amapita ku mpira. Mlongo wake amapita kumjigo, kunkhuni, kenako kumoto. Mabwalo ambiri ali ndi magolo a mpira wa miyendo koma alibe mitengo ya mpira wa manja, ngakhale kuti ndi mpira wa manja umene watchukitsa dziko lino kunja kudzera mwa a Malawi Queens. Njira yodutsa m'tchire imene mtsikana amaopa kuyenda yekha si malo opumirako kwa iye. Komiti yokambirana za bwalo popanda amayi ndi atsikana pamkeka idzakonza bwalo la theka la mudzi.

M'nyumba ndi m'maofesi, zosintha zake sizifuna thumba la chitukuko. Banja likhoza kugwirizana kuti pa mphasa ya nsima foni sifika, ndi kuti usiku mafoni onse, a bambo omwe, amagona pabalaza. Wofuna kudzuka m'mawa agule wotchi. Akuluakulu a maofesi angalole kuti nkhani ya anthu awiri kapena atatu ikambidwe akuyenda, ndi kuti pa msonkhano mafoni akhale m'matumba, zimene zingafupikitsenso misonkhano yambiri. Mipingo ndi mizikiti ili ndi mabwalo amene amakhala opanda anthu masiku asanu pa sabata. Magule a tchopa, likwata ndi jiri sayenera kudikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde kuti ng'oma zake zitulutsidwe. Mwezi umawalabe monga kale, ndipo agogo odziwa nthano akadalipo, kungoti omvera adachoka.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April. Makomiti a chitukuko a m'midzi akupemphedwa kuti nyengoyi isanafike, ayende limodzi ndi mafumu awo pa bwalo lililonse la m'dera lawo, la sukulu, la mpingo ndi la mudzi, aliyeze ndi mapazi kapena ndi chingwe, alembe malire ake pamaso pa mboni, ndipo aone pamene lalumidwa kale. Malirewo abzalidwe mitengo yamthunzi ndi yazipatso, monga mbawa, mango ndi mapeyala, pakuti chikhomo cha mtengo wamoyo n'chovuta kuchisuntha usiku. Mtengo uliwonse upatsidwe kwa kalasi kapena banja louthirira mpaka udutse chilimwe choyamba. Zolembedwazo zipite kwa khansala wa wodi ndi kwa mlangizi wa chitukuko cha m'madera, kuti zilowe m'mapulani a mudzi pamodzi ndi milatho ndi mijigo.